Bokosi la Njerwa la a Verna

Mayi Gaskins, wapampando wa khonsolo yathu, Bwana Ledbetter amene mumatiyang'anira ife a m'mapaki, akuluakulu a polisi amene mwakhala kumbuyoko pafupi ndi keke, Bambo Lyle Holcomb, mwamuna wa a Verna, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, anzanga nonse a malaya obiriwira, landirani moni wanga. Kwa amene simundidziwa, ndine Thurman. Ndagwira ntchito ndi a Verna ku paki ya kumtsinje kuyambira ndidakali ndi tsitsi.

Lero a Verna akupuma pantchito, ndipo ndauzidwa kuti ndikuseketseni. Ndiyesa. 

A Verna awa mukuwaona akhala mwaulemuwa sanayambe chonchi ayi. Sabata yawo yoyamba anatumidwa kukapirikitsa atsekwe pabwalo la mpira. Anapita ndi tsache. Anabwerako opanda tsache, opanda chipewa, nsapato imodzi, atanyowa mpaka m'khosi. Musapukuse mutu mayi, amene anakuvuulani mumtsinje ali muno. Ndiye pali khalidwe lawo lija loitana aliyense kuti "mwana wanga." Bwana Ledbetter, mwana wanga. Woweruza milandu, mwana wanga. Tsiku lina ndinawamva akutero kwa nkhalamba yoyenda ndi ndodo ziwiri, nayonso n'kuyankha.

Tsopano ndinene zimene ndaimirira pano.

Kuno tonse tinakula ndi mfuti. Inenso ndili nayo yosakira agwape, sindibisa. Koma pali zina zija zakuda, zankhondo, zimene munthu amakolekera pachifuwa, zolavula zipolopolo ngati mbuliwuli. Aphungu a chigawo chathu atakhazikitsa lamulo loti zimenezo zisamalowe pamalo a anthu onse, ambiri tinapumira m'mwamba. Anatitumizira zikwangwani, ife n'kukhoma pageti. Koma chikwangwani sichiyenda. Munthu akachidutsa n'kulowa pamsika wa Loweruka wa m'pakimo, pakati pa amayi ndi makanda, pamafunika wina apite akamuuze. Ifeyo tilibe mfuti. Tili ndi wailesi yam'manja ndi makiyi a zimbudzi. Apolisi amabwera, sitikana, koma amachokera kutali.

Ndipo mukuwadziwa amuna a kuno. Ukamuuza pagulu kuti tuluka, watokosa mavu. Ena amabwera dala kuti akangane nafe, mnzawo akujambula ndi foni. Ena amangoiwala kuti lamulo linasintha. Koma pali wina uja amene tonse timamuona pa nkhani zamadzulo, wochokera m'matauni ena, amene sabwera kudzajambulidwa koma kudzawombera anthu. Vuto ndi lakuti onsewa akamalowa pageti amafanana. Zovala zimodzimodzi, mfuti imodzimodzi. Umayenda kupita kwa iye osadziwa kuti ndi uti.

A Verna anapeza njira yawo. Ali ndi bokosi la zakumwa, labuluu lija. Akaona munthu wotere sathamanga, samudzera kumbuyo. Amalikoka bokosilo pansi, akupuma movutikira, mpaka patsogolo pake. Kenako: "Mwana wanga, tandinyamulireko mpaka koimika magalimoto, msanawu wandikana." Mwamuna wa kuno amene analeredwa ndi mayi ake angakane? Amanyamula. Manja onse awiri ali pabokosi, mfuti ikungolendewera. Akatuluka pageti, pafupi ndi galimoto yake, popanda womuonerera, m'pamene amamuuza za lamulo, motsitsa mawu. Ambiri amatukwana aphungu pang'ono, n'kutsekera mfutiyo m'galimoto.

Ulendo woyamba anaiwala kuika kanthu m'bokosimo. Mkulu amene anamupemphayo ananyamula ndi chala chimodzi, n'kuwayang'ana. Kuyambira pamenepo muli njerwa. Ndipo tisaiwale bambo uja wachikwama chachitali kumsana, amene anamusenzetsa njerwa kudutsa bwalo lonse dzuwa likuswa mtengo. Atafika anamupempha kuti atsegule chikwama. Munali ndodo zowedzera nsomba. Mpaka pano bamboyo akawaona a Verna amawoloka msewu.

Sekani, chifukwa ichi chikubwerachi sichoseketsa.

Chaka chatha, pa chionetsero cha zokolola, ana a sukulu anali pansanja akuimba. Panalowa munthu, mfuti ili pachifuwa. Sitinamudziwe, ndipo analibe mnzake wojambula. Anadutsa matebulo onse osayang'ana kanthu, n'kukaima moyang'anana ndi nsanja. Chala chake chinali pafupi ndi pokhethemulira. Ine ndinali kuseri kwa tebulo la masoseji. Ndinaitana apolisi, koma mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina.  Ndikukweza maso, ndinangoona bokosi labuluu likukhukhuluzika paudzu.

Anamupempha monga mwa masiku onse. Iye sanawayang'ane n'komwe. Anati, "Chokani patsogolo panga, mayi."

Aka kanali koyamba munthu kukana. Ndinaganiza kuti abwerera. Ndinkapemphera kuti abwerere. Iwo anakhala pabokosi paja, pakati pa iye ndi ana, n'kunena kuti, "Ndiye ndipumeko pano, mwana wanga. Ndatopa." Anayamba kumufotokozera za mawondo awo. Bondo lamanzere, bondo lamanja, zimene ananena dokotala, zimene ananena dokotala wachiwiri. Kamwa ya mfuti inali apa, pafupi ndi phewa lawo. Ife tinatsitsa ana kuseri kwa nsanja, mzere ndi mzere, aphunzitsi akuimbitsabe otsalawo kuti anthu asadzidzimuke. Apolisi anafika mwakachetechete, n'kumutenga. Chimene anadzera sitikuchidziwa mpaka lero, ndipo ine sindifuna kuchidziwa.

Titalowa mu ofesi ndinawapatsa khofi. Kapu inawakanika kugwira. Anatayikira pamalaya ponse. Ndinawafunsa kuti kodi inunso mumaopa? Anandiyankha kuti palibe ulendo ndi umodzi womwe umene anakoka bokosi lija miyendo isakunjenjemera.

Bambo Lyle, inu munali pomwepo, patebulo lanu la uchi. Munaona zonse, ndipo simukanatha kuchita kanthu. Tamva kuti ndinu amene munanena kuti basi, zakwana, a Verna asiye ntchito. Ena muno anakudandaulani. Ine ayi. Loweruka lililonse mwakhala mukutibwereka mkazi wanu osadziwa ngati tidzakubwezerani. Zikomo bambo. Nanunso ana, zikomo.

A Verna, pali makolo m'tauni muno amene amagoneka ana awo osadziwa kuti ali ndi chifukwa chokuthokozerani. Ine ndikuthokozani m'malo mwawo. Mwatigwirira ntchito imene sinalembedwe pa udindo wanu, ndipo simunadzitamepo.

Tsono msika ukutsegulidwa Loweruka likubwerali, ndipo Bwana Ledbetter andiuza kuti pageti pakhala ine. Tandiyang'anani. Pachitseko apa ndalowa chopendekera chifukwa cha kukula thupi. Ndani angakhulupirire kuti chimunthu ngati ine chalephera bokosi? Ndikamuyandikira munthu wa mfuti, iye saona mayi ake. Amaona ndewu ikubwera. Ndayesa kuganiza njira yanga, sindinaipeze. Ndikuopa, anzanga. Chakudya sichikulowa bwino masiku ano, ndipo mkazi wanga wasiya kundifunsa za kuntchito. Mayi Gaskins, poti muli pano, lamulolo ndi labwino ndipo tikulifuna. Koma tipatseni wapolisi pamsika Loweruka. Tisamadalire mayi ndi njerwa.

Pomwe timalowa muno, a Verna anandikokera pambali. Anandinong'oneza kuti Loweruka abwera, akuti kudzangogula tomato. Ndinatsala pang'ono kulira ndi chisangalalo. Mtima wanga wonse unati inde, bwerani, mudzakhale pafupi. Koma ndakhala pampando apo ndikuwayang'ana Bambo Lyle, ndipo yankho langa ndikupatsani pano, pamaso pa anthu, kuti musadzalizembe.

Musabwere, mayi. Ndikukudziwani. Akadzalowa munthu pageti paja, ine ndidzatembenuka kuyang'ana inu, ndipo inu mudzaimirira. Sindikufuna. Tomato ndidzakubweretserani ndekha kunyumba ndikaweruka, ndipo mukadzamva galimoto yanga panja mudzadziwa kuti tsiku latha bwino. Bambo Lyle, makiyi a galimoto muwasunge m'thumba mwanu.

Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwombeni, mukasewere ndi zidzukulu, mawondowo akaone mpando. Mantha aja tisiyireni, ndi athu tsopano.

Anzanga, tiyeni tiimirire tonse. Manja awombedwe mwamphamvu kwa Mayi Verna Holcomb, mpaka amve kuti tawamasula.