Pudini Yomwe Inkamwa Mowa

M'zaka zija za Chitaganya, pamene azungu anamanga Nyasalande ndi maiko awiri a Rodeshya mtolo umodzi, ine sekuru wanu, agogo anu aamuna, ndinali mnyamata wokwatira kumene, ndikugwira ntchito ya fodya pa pulazi ina kuseri kwa Macheke, ku Rodeshya wa kumwera. Inu mwabadwa zinthu zitasakanikirana kale, mumadya za m'zitini ndi za m'mapepala osafunsa n'komwe, koma ife tinachoka ku Dedza tikudziwa kuti chakudya ndi chomwe walima, wathyola kapena wapha, basi.

Tsiku lina khukhi wa kunyumba kwa mzungu, aChisale, anakwera sitima kubwerera kwawo chifukwa maso anali atayamba kuchita khungu. Foromani anabwera kumunda n'kufuula kuti, "Pano Mubhurandaya ndani?" Umu ndi mmene Amashona ankatitchulira ife a ku Nyasalande. Ndinakweza dzanja poganiza kuti kwabwera uthenga wa kumudzi, koma iye anangoti, "Kasambe m'manja, kuyambira lero ndiwe khukhi." Azungu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti Mnyasa aliyense amabadwa akudziwa kuphika, chikhalirecho ine ngakhale dzira ndinali ndisanakazingepo. Kukana sikukanatheka. Agogo anu aNabanda anali ndi pakati, mimba yoyamba, mvula inali pafupi, ndipo khukhi ankapatsidwa nyumba ya malata kumapeto kwa komboni, pamene ife tinkagona m'kanyumba kaudzu kodontha paliponse.

Ana inu, m'khitchini muja mutu wanga unazungulira. Munali firiji, koma osati ya magetsi ngati zanuzi. Pansi pake pankayaka kamoto ka parafini, ndipo kakayaka bwino madzi m'katimo ankauma gwa ngati mwala, ozizira mpaka kuwawitsa mano, koma kakazima zonse zinkafunda. Tandiuzani inu opita kusukulu, moto ungabale bwanji chisanu? Buledi akachita chuku ankapita ku nkhumba, koma tchizi chachuku chobiriwira, chonunkha ngati mapazi a munthu wa paulendo, chinkasungidwira alendo olemekezeka. Bwana akapha nkhanga, sankalola kuti iphikidwe tsiku lomwelo, inkalendewera pakhonde mpaka ntchentche zitaidziwa, ndiye pamenepo ankati yafika pokoma. Zina ndinazigwira msanga chifukwa zinali zomveka. Dzira ukaliika m'madzi n'kuyandama, ndi lovunda. Nyama ya ng'ombe yokalamba ukaikulunga m'masamba a papaya, imafewa. Mchere ukapitirira mu supu, umaponyamo mbatatesi yosenda kuti iyamweko. Zimenezi anandiphunzitsa ndi mkazi wa Bwana, amene tinkamutcha Medemu, m'Chilapalapa, chilankhulo cha pantchito chosakaniza mawu a uku ndi uku, ndipo theka la zomwe ankanena ndinkalimva poyang'ana manja ake.

Mvula yoyamba itagwa, Medemu anatulutsa beseni lalikulu n'kuthiramo ufa wa tirigu, mafuta olimba a ng'ombe, mazira, zipatso zouma zakudakuda, ndi mowa waukali wa m'botolo wotchedwa burande. Anati tikupanga pudini ya Khisimisi, ngakhale Khisimisiyo inali ikadali kutali. Kenaka anaitana Bwana kuchokera ku shedi ya fodya, anaitana ana awo, mpaka mayi ake a Bwana, gogo woyendera ndodo. Aliyense ankagwira supuni, kutsinzina, n'kutakasa, milomo ikugwedera koma mawu osamveka. Atatha, Medemu anaponyamo tiki, kandalama kasiliva kaja, n'kundipatsa supuni.

"Jemusi," anatero, poti dzina langa lenileni linkamuvuta, "takasa nawenso. Tsinzina, uganize za pikanini ali m'mimba mwa mkazi wako."

Ndinatsinzina, ndinatakasa, ndipo ndinaganizadi za mwanayo. Mantha anandigwira pambuyo pake, chinthucho chitawira m'nsalu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kutuluka chakuda, chobulungira, kukula kwake ngati mutu wa munthu. Anachipachika m'kachipinda kamdima kosungiramo zakudya, ndipo Lamulungu lililonse Medemu ankachitsitsa, kuchibaya ndi singano yolukira, n'kuchithira mowa.

Nditawafotokozera agogo anu, anagwira mimba ndi manja awiri.

"Mwatakasa nawo? Mwana wanga mwamutchulamo?"

"Sindinatchule pakamwa, ndinangoganiza."

"Ndi kutchula komweko. Mawa ndiperekezeni kwa amalume ku Goromonzi, pano sindikhala."

Ndinawachonderera kuti adikire, pakuti mitsinje inali itadzaza, ndipo kuchoka pa pulazi kunali kutaya ntchito ndi nyumba yomwe. Ndinapita kwa aJumbe, mkulu wa gule pa komboni pathu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Banja lonse lasonkhana, ndalama yaponyedwa, mowa ukuthiridwa. Mwana wanga, imeneyo ndi nsembe. Chimene sitikudziwa n'chakuti mizimu yawo imapempha chiyani." Ndinapitanso kwa aMbewe, mkulu wa mpingo, ndipo iwo anaseka. "Anthu amene anatibweretsera Baibulo angathire nsembe? Tiye ndikaone." Ndinawadutsitsa kuseri kwa nyumba, anasuzumira pa kawindo, anachiona chikulendewera mumdima muja, anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tiyeni tizipemphera."

Mukufunsa kuti bwanji sindinamufunse mwini wakeyo? Ndinamufunsa. Lamulungu lina akuthira mowa ndinalimba mtima n'kuti, "Medemu, mowawu akumwa ndani?" Iye anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuti, "Ikumwa pudini!" Ndinabwerera ku komboni ndili wosokonezeka kuposa kale, chifukwa chinthu chimene chimamwa ndiye kuti chili ndi moyo.

Khisimisi inafika, dzuwa likuswa mtengo. Masana atadya nyama zawo, Medemu anandiuza kuti ndiike pudini ija m'mbale yaikulu, anaithira burande wofunditsa, anatseka makatani onse, n'kukhwatcha machesi. Ana inu, moto unabuka wobiriwira ngati thambo, wopanda utsi, ukuvina pamwamba pa chinthucho koma osachipsereza ngakhale pang'ono. "Nyamula," anatero. Ndinanyamula, ndikuyenda kulowera kumene ankadyera, onse akuimba ndi kuwomba m'manja, ine mumtima ndikungotchula dzina la agogo anu. Moto unazima wokha, anaiduladula n'kuyamba kudya. Posakhalitsa gogo uja anagwira tsaya, analavulira m'dzanja, ndipo munali tiki ija. Kwathu munthu akapeza chinthu m'chakudya, wophika ali pa mlandu, choncho ndinavula epuloni mumtima mwanga, ndikuti ntchito yatha. Koma iwo anakuwa ndi chimwemwe n'kumamupsompsona gogoyo ngati wabweza mwana wotayika.

Ndikutsuka mbale, Medemu anabwera ndi chidutswa chachikulu pa sosala, kambale koikapo kapu kaja. "Ichi n'cha mkazi wako," anatero, akumwetulira.

Ndinayenda nacho mpaka ku komboni nditachitalikitsa ndi thupi langa, ndipo ndinachiika pa mtondo wovundikira, pansi pa mtengo wa mango. Anthu anasonkhana. AJumbe anati chikakwiriridwe pa mphambano dzuwa lisanalowe. AMbewe anati ayi, zimenezo ndi zachikunja, tichipempherere kenaka tipatse galu, tione mmene adzukire. AJumbe anafunsa kuti galuyo akhala wa ndani, pakuti wawo sapereka. Mawu anakwera, Amashona oyandikana nafe analowererapo ndi maganizo awo, wina akuti tichibweze, wina akuti kubweza ndi chipongwe, ine pakati ndikungotembenuza khosi uku ndi uku. Pamene ndinayang'ananso pa mtondo paja, sosala inali mbee, ndipo agogo anu atakhala pamphasa, akunyambita zala.



"ANabanda, mwachita chiyani?" ndinatero.

"Fungo lake linandikoka mtima, ndipo mwanayu anayamba kupondaponda," anayankha. "Ngati anatchulidwamo, ndiye kuti n'chake. Ndamupatsa."

AJumbe anawafunsa chapansipansi kuti, "Nanga chikukoma bwanji?"

"Ngati chikondamoyo chimene chagona m'mowa," anatero agogo anu.

Masabata otsatirawo ndinkayenda ngati munthu wodwala. Agogo anu akangoti mayo msana, ine ndinkasiya mphika pamoto n'kuthamangira ku komboni, mpaka Medemu anandiopseza kuti afuna khukhi wina. Nthawi yowotcha fodya m'mabani, nyumba zoumitsiramo fodya zija, itafika, mwana anabadwa, wonenepa, wa zala zonse, wolira mpaka kumveka ku shedi. Ndi atate anu aakulu aYohane aja a ku Mutorashanga. AJumbe anati wapulumuka chifukwa cha kamtengo ka mankhwala kamene anali atakwirira pakhomo pathu, aMbewe anati ndi mapemphero, agogo anu anati ndi pudini, ndipo atatuwo anamwalira aliyense atagwira zake.

Patapita zaka, Chingerezi changa chitawongokako, ndinamufunsanso Medemu bwinobwino kuti kutsinzina kuja, ndalama ija ndi moto uja zinkatanthauza chiyani. Ndinkayembekeza kuti tsopano ndimva zonse. Iye anagwira chibwano, anayang'ana kudenga, anaganiza, kenaka anati, "Amayi anga ankatero, agogo anganso ankatero. Sindinawafunsepo." Ndiye taonani, ine ndinavutika miyezi yonse ija ndi chinthu chimene mwini wakenso sankachidziwa, ndipo amene akanatiuza anali atagona kale kutsidya kwa nyanja.

Choncho adzukulu anga, chakudya cha eni musamachiope ndipo musamachiseke, koma muzifunsa, ndipo yankho likakusokonezani mufunsenso. Yambani ndi za pakhomo pano. Amayi anu ali kuseriko akusungunula chidulo cha therere. Pitani mukakhale nawo pansi, muwafunse kuti phulusa limalowa bwanji m'ndiwo ndipo anawaphunzitsa ndani, akadali ndi pakamwa poyankhira.