Sinamoni wa pudingi ya madamu

Pa msika wa zokometsera ku Deira, kunja kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba, Tiwale ankanunkhiza timitengo ta sinamoni uku akudandaula yekha m'Chichewa. Mayi wina amene ankagula tsabola pambali pake anatembenuka.

"Achemwali, mukukambirana ndi makungwa?"

"Madamu andituma wothira mu pudingi. Akuti ndikalakwitsa, ofu ya Khirisimasi khalas, yathera pompo."

"Tengani wopyapyalayu, wokulungika ngati ndudu. Wokhuthalayu amaluma lilime. Mumaphika bwanji chinthucho?"

"Pa nthunzi, tsiku lonse, ine ndili chilili kuwonjezera madzi m'poto. Ikafika patebulo amaithira mowa n'kuyatsa machesi."

"Kuyatsa mwadala?"

"Alendo n'kumawomba m'manja."

"Ndiye ndakunamizani, achemwali. Tengani wokhuthala yemweyu. Monga nkhuni, ameneyu amasunga moto."