Njinga Yopha Anthu ya Aboy Tekeste

Kibrom anali atazungulira mzinda wonse wa Asmara kufunafuna njinga yakale, ya chitsulo chenicheni cha nthawi ya Ataliyana, yoti aiphwasule n'kuimanganso mwa luso lake, anthu aleke kumuyesa womata machubu chabe. Koma njinga zoterozo abale obwera kutchuthi kuchokera kunja anali atazikokota pamtengo woti iye sakanaufika ngakhale atagulitsa shopu yake ndi mpope womwe, ndiye tsiku limene Aboy Tekeste, ndiye kuti Bambo Tekeste m'chinenero cha kumeneko, anatuma mawu akuti abwere za njinga yawo yakale, mnyamatayo anasiya tiyi pakati n'kuliyatsa liwiro.

Njinga ija ankaidziwa kuyambira ali mwana, ndipo inali yomaliza ya mtunduwo imene ankaidziwa m'tauni monse. Mwini wake anali nkhalamba yopuma pa ntchito ya njanji, kumene nyali yofiira ndi yofiira basi. Chimene wawauza Aboy Tekeste ndi chimene amva, osawonjezera, osachotsera. Analeka kupalasa chaka chatha mawondo atayamba kuwawawa. Kibrom nayenso anali ndi lake vuto. Malume ake, ogula mbuzi kumsika wa ku Keren, anamusiyira malamulo awiri: mbuzi suiyamikira isanalowe m'khola mwako, ndipo wogulitsa usamulole kuyamba ndiye kutchula mtengo. Malamulo amenewa mnyamatayo ankawasunga kuposa a kutchalitchi.

Anaipeza itatsamira khoma pabwalo, yobiriwira, yopukutidwa bwino. Mumtima anakondwera zedi, koma nkhope anaikwinya ngati wamva fungo la dzira lowola.

"Wafika, mwana wanga," anatero Aboy Tekeste. "Njinga ndi iyi. Ine ndaganiza zoti..."

"Musanene kanthu kaye, Aboy. Ndiyambe ndaiona."

Anaizungulira akupukusa mutu, n'kukanda felemu ndi chikhadabo.

"Dzimbiri."

"Lili pati?" Aboy anavala magalasi.

"Paliponse."

"Ine ndikuona kadontho aka kokha, pafupi ndi pedulo."

"Limenelo ndi limene latulukira kunja. Linzake lili m'kati, likudya mwakachetechete ngati chiswe."

Nkhalamba ija inawerama movutikira n'kuika khutu pa felemu.

"Sindikulimva."

"Ndati mwakachetechete, Aboy."

"Eya, wateroditu."

Kibrom anaona kuti zayamba bwino. Anagwada kutsogolo kwa njinga, natsinzina diso limodzi, nausa moyo wautali.

"Foloko inapindika. Njinga iyi imakokera kumanzere."

Aboy Tekeste anafunafuna mpando ndi dzanja n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Wati kumanzere?"

"Kumanzere."

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Chaka chija ndinagwera m'chitsamba cha minga pochokera ku ukwati, ndinagwera kumanzere. Mkazi wanga Letay mpaka lero amauza aliyense kuti unali mowa."

"Aaa, sunali mowa. Ndi foloko."

"Usachoke. Letay wapita kumsika, abwera posachedwa. Umuuze ndi pakamwa pako."

Kibrom anangovomera ndi mutu, poti nkhani za m'banja la eni sizinali zimene anadzera. Anapitiriza ntchito yake. Matayala anati anauma ngati chikopa cha ng'ombe. Za tcheni anangoseka. Chishalo anati chikhoza kulepheretsa mwamuna kubereka, mabuleki anati ndi zokongoletsera chabe. Chilichonse chimene ankanena, Aboy ankachiyang'anitsitsa ndi magalasi awo n'kuvomereza mwaulemu, monga munthu amene akumva zotsatira kwa dokotala. Kibrom mumtima ankaona mtengo ukutsika, ukutsika, mpaka kufika m'thumba mwake. Ndiye anaganiza zomaliza ndi nkhonya yaikulu.

"Kunena zoona, Aboy, njinga iyi ikhoza kupha munthu. Pamtsetse ingothyoka pakati, osachenjeza."

Aboy Tekeste anachita chizindikiro cha mtanda n'kuimirira.

"Choka pamenepo."

"Pati?"

"Pafupi ndi chinthucho. Bwera kuno, pang'onopang'ono."

"Siluma, Aboy. Mverani. Poti ndinu bambo anga, ndikuthandizani. Ndiichotsa pakhomo pano, ndikusiyiraniko tindalama, tinakfa tochepa togulira khofi."

"Upita nayo kuti?"

"Kushopu kwanga."

"Njira ya kushopu kwako ndi yamtsetse."

"Ndiikankha."

"Lero uikankha. Mawa udzaikwera. Ndimakudziwa iwe, uli mwana unkakwera ngakhale bulu wa eni ake."

"Ndikulumbira sindiikwera."

"Ndiye ukufuna kuigulitsa kwa mwana wa munthu wina?"

"Ayi, ine..."

"Amayi ako ndimakumana nawo pachipata cha tchalitchi Lamlungu lililonse. Ndidzawauza kuti chiyani? Kuti mwana wanu anandichenjeza yekha, ine n'kumupatsabe?"

Apa Kibrom anayamba kumva kutentha, chikhalirecho unali m'mawa. Anafotokoza kuti amisiri sakwera chilichonse chimene agula, nthawi zina amangochotsako zitsulo zina n'kutaya zotsalazo. Aboy anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa modekha.

"Zitsulo ziti?"

"Mwina mahandulo."

"Amangiriridwa pa foloko yopindika."

"Malimu."

"Dzimbiri wati lili paliponse."

"Chishalo."

"Iwe sunakwatire, mwana wanga. Chimenecho ndiye sindingakupatse."

Kibrom anayang'ana njinga ija kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kufunafuna pamene sanatukwanepo. Panalibe. Ntchito anali ataigwira bwino kwambiri. Koma Aboy, amene sankafuna kuti mlendo achoke chimanjamanja, anayandikira chammbali ngati akuyandikira galu wolusa, natambasula dzanja n'kuliza belu. Linalira ngelengele, momveka bwino.

"Ili sunalinene."

"Belu lili bwino," anayankha Kibrom mawu ali pansi.

"Tenga."

Aboy analimasula ndi mpeni n'kumuikira m'manja. Kibrom anaima chilili, belu kumanja, njinga yonse ili poteropo ikumuyang'ana. Ndikudziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

"Yotsalayi ndiitumiza kumsika wa Medeber," anatero Aboy. "Osula zitsulo akapange mbaula."

"Mbaula?"

"Kaya zokazingira khofi, adziwa okha." Anaima n'kugwira chibwano. "Ayi, ndalakwa. Wangolo akhoza kukopeka nayo panjira n'kuikwera. Ndi munthu wa ana ambiri ameneuja. Ndiidula pompano."

Analowa m'nyumba. Kibrom anamva mabokosi akukokedwa, zitini zikugwa, ndipo posakhalitsa nkhalamba inatuluka ndi sowo yodulira zitsulo. Pamenepa munthu wina aliyense akanagonja. Koma mutu wa Kibrom unali wa malume ake, ndipo mbuzi inali isanalowe m'khola.

"Musadzivutitse, Aboy. Sowo yanuyo itha mano."

"Pa chitsulo chowola?"

"Chawola m'kati. Kunjaku n'cholimba."

"Ndiye ndikangopyola kunjaku, kwinako ziyenda zokha."

"Mawondo anu aja..."

"Sindidulira mawondo."

"Bwanji tidikire mayi athu, Adey Letay, abwere?"

"Aipeze ili zidutswa, aone yekha dzimbiri la m'katimo. Gwira uku."

Ndipo Kibrom, mwana wa eni ake, anaika belu m'thumba n'kugwira. Dzanja lake linagwera polumikizira felemu, pamene mmisiri wakalekale anasemapo timaluwa tachitsulo, ntchito imene lero palibe aichita. Njinga inali yopepuka ngati mwana wa mbuzi. Anamva chisoni chenicheni. Anadziuza kuti nkhalambayi ikungoopseza, ogulitsa onse amatero. Aboy analavulira m'manja, nayeza pakati penipeni pa felemu, naika sowo. Anakoka kamodzi, khwee, kapenti kobiriwira n'kugwera pa nsapato ya Kibrom.

"Lekani!"

Anawagwira pamkono. Mawu anangotuluka okha, malamulo a malume ataiwalika.

"Musadule, Aboy, ndagwira mwendo wanu. Njinga iyi ilibe vuto. Mu Asmara monse mulibe inzake. Chitsulo ichi chidzaika m'manda ine, inu ndi adzukulu anu. Dzimbiri mulibe, kadontho kaja kachoka ndi malovu. Ndikangoithira mafuta, n'kuimanga ndi manja angawa, idzayenda yokha. Ngakhale munthu wopanda mawondo akhoza kukwera nayo chitunda akuimba nyimbo."

Aboy Tekeste anatsitsa sowo. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi.

"Nanga mabuleki?"

"Amagwira ngati nkhanu."

"Chishalo?"

"Muli ndi ana angati inu, Aboy?"

"Ambiri ndithu." Anaganiza pang'ono. "Nanga foloko?"

"Yowongoka ngati njanji."

Nkhalamba inakhalanso pampando paja, nkhope itagwa.

"Ndiye unali mowa."

Inasuzumira kuchipata n'kutsitsa mawu.

"Zimenezi Letay usamuuze."

"Sindiwauza."

"Tsono ndithandize, mwana wanga, mutu wanga ndi wakale. Wanama liti, poyamba paja kapena tsopano?"

"Poyamba paja."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi mmene timagulira, Aboy. Ukayamikira katundu, mtengo umakwera."

"Kugula? Ndani wati ndikugulitsa?"



"Ine ndinakuitana kuti ndikupatse," anatero Aboy. "Ndimati ndinene utangofika, iwe wati ndisanene kanthu kaye. Ndakhala ndikudikira kuti undiuze kuti tsopano nenani."

Iii, abale! Njinga yonse, yaulere, inali ya Kibrom asanatsegule pakamwa, ndipo iye anatha m'mawa wonse akuithamangitsa. Koma chimwemwe chinabwera pambuyo pa manyaziwo, poti njinga inali ikadali pomwepo, yamoyo. Anapukuta manja pa buluku, nawerama mwaulemu wonse umene amayi ake anamuphunzitsa, natambasula manja onse awiri kulunjika ku mahandulo.

"Nenani tsopano, Aboy."

Koma Aboy sanali kumuyang'ana. Anali kuyang'ana mawondo awo, kenako njinga, kenako mawondo awo.

"Wati wopanda mawondo akhoza kukwera nayo chitunda?"

"Mawu chabe amenewo, Aboy."

"Wanena kuti unanama poyamba paja, osati tsopano."

"Inde, koma..."

"Ine mawondo ndili nawo onse awiri. Amangowawa."

"Aboy, mverani. Nditayang'anitsitsa, folokoyi mwina pang'ono..."

"Yowongoka ngati njanji. Njanji ndimaidziwa ine."

Anaimirira osagwira ndodo, nachotsa njinga m'manja mwa Kibrom mwachifatse, naisisita pamene sowo inakanda monga munthu wopepesa mnzake. Anati ankaipereka poganiza kuti iye ndi njingayo atha limodzi, koma poti mmisiri weniweni wanena, sangatsutsane ndi wodziwa ntchito. Anamuuza kuti abwere mawa ndi mafuta ndi masipanala ake, aimange ndi manja akewo monga walonjezera, ndipo aliyense wofunsa mumsewu adzauzidwa kuti ndi ntchito ya Kibrom, mwana amene amanena zoona akalankhula kachiwiri.

Kibrom anatsanzika ndi mawu osamveka. Anayenda cha kuchipata mutu uli pansi, dzanja m'thumba, akudzitonthoza ndi kachitsulo kozizira kamene anapulumutsa pa tsiku lonselo. Atangogwira chitseko, anamva mawu kumbuyo.

"Mwana wanga."

Anatembenuka msanga, mtima utadzukanso.

Aboy Tekeste anali atatambasula dzanja.

"Belu lija bweza. Njinga yabwino chonchi singayende yopanda belu."