Denga lolira si mzimu wa mkazi wanga

Aulutsi, ndikulemba kuchokera ku Kitwe. Chimwalirireni mkazi wanga, denga la nyumba yomwe tinagula migodi itagulitsidwa limalira mphepo ikawomba. Apongozi anga akuti, "Atate ake a mwana, ameneyo ndi malemu, akufuna mukwatire mng'ono wake."

Ndinakwera kukaona. Zitsulo zogwira malata zang'aluka pa misomali. Mphepo yakhala ikuzigwedeza kwa zaka, ngati waya amene amaduka ukamamupindapinda. Kale amgodi ankakonza, lero palibe wobwera. Nditawafotokozera apongoziwo, anangoti, "Sukulu inakuwonongani."

Ndatopa. Mvula yayandikira, mwana wathu amagona pansi pa dengalo, koma achibale akukambirana za ukwati. Omvera anzanga, kaoneni madenga anu. Mkazi wanga musiyeni apumule. Ine ndikufuna wowotcherera zitsulo, osati mkazi wina.