Kapaipi ka adada pa msika wa Bolero

Anzanga omvera, izi zidatigwera m'nthawi ya chipani chimodzi, kwathu ku Mwazisi.

Adada, bambo anga ondibereka, adatsekeka mkodzo, ndipo kuchipatala adawaika kapaipi. Thumba lolandirira mkodzo litang'ambika, lina silidapezeke. Achimwene anga, omwe ankagwira ntchito pachipatalapo, adalumikiza paipi ya diripi ku kabotolo nkukamangirira pamwendo, mkati mwa thalauza. Adada adayambanso kuyenda.

Tsiku lina ndidawaperekeza kumsika wa Bolero. Anyamata a chipani adatiimitsa kuti aone makhadi. Adada akupisa m'thumba, mmodzi adaona paipi ija m'chiuno.

"Madala, waya uyu ngwachiyani? Mumalankhula ndi zigawenga?"

"Ndi matenda, ana anga."

"Vulani tione."

Adada, mkulu wa mpingo, adatsitsa thalauza pamaso pa ine mwana wawo wamkazi. Pamsika ponse aliyense maso pansi. Mtsogoleri wa anyamatawo adayang'anitsitsa kabotolo kaja, nkunena mofatsa kuti, "Wopanga ichi ngwanzeru chomene. Ndani?"

Poyesa kuti akuyamikira, adada adatchula achimwene monyadira.

"Yewo," adathokoza mnyamatayo. "Wopanga izi amapanganso zina."

Pasanapite nthawi galimoto idaima pachipatala, achimwene nkutengedwa. Adada sadatulukenso m'nyumba. Ankangokhala pawindo, kabotolo kali pamwendo. Galimoto ikamveka kumsewu, ankandifunsa ngati ikubweza mwana wawo kapena ikudzatenga ine. Adamwalira akufunsabe.