Timadontho Takuda mu Ufa Wanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi wamasiye wa kuno ku Kaseye. Ndikufuna ndikuuzeni momwe ndinatsala pang'ono kunenera munthu wosalakwa kuti ndi mfiti.

Amuna anga anamwalira ndi matenda a m'mimba. Maliro asanathe n'komwe, anthu anayamba kunong'ona kuti imfa imeneyi ili ndi mwini wake. Mawuwo anakhala mumtima mwanga. Popeza namfedwa sayendayenda, mlamu wanga Namsukwa, mchemwali wa malemu, ndiye anapita ndi chimanga changa kuchigayo.

Nditatsegula thumba ndinaona timadontho takuda mu ufa. Ndinasefa, koma tinadutsa pa sefa. Ndinapeta, osachoka. Nditatikhudza ndi lilime, tinali ngati mchenga koma si mchenga. Pomwepo ndinati uyu wathana ndi mlongo wake, tsopano akufuna ine kuti munda ukhale wake. Akandipatsa moni wa "mwaghona", ndinkayang'ana manja ake. Masiku atatu ine ndi ana tinadya mbatata zokha. Ndinakonza zoti Loweruka ndikamutchule dzina pamaso pa akuluakulu a banja, ndipo ndinapemphera kuti Mulungu amuyalutse.

Lachisanu kunabwera Mayi Banda, aphunzitsi a kupulayimale amene timapemphera nawo. Anauyang'ana ufawo nati, "Mayi, wailesi yakufa ilipo pano?" Ndinatulutsa ya malemu. Anaimasula n'kuchotsa chitsulo chozungulira cha kuseri kwa sipika, nati dzina lake ndi maginito. Anayala ufa palichero n'kuyendetsa chitsulocho, timadontho tonse n'kudumphira pomwepo ngati tsitsi.

Ine ndinabwerera m'mbuyo. Ndinati nawonso abwera ndi matsenga awo. Iwo anaseka. "Izi ndimaphunzitsa ana. Sefa imasiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono, kupeta kumachotsa zopepuka, koma chitsulo chimamvera maginito. Zitsulo za m'chigayo zikatha zimanyenyekera mu ufa."

Sindinakhulupirirebe. Ndinati ngati ndi chigayo, ufa wa ena ukhalenso choncho. Tinapita kwa Namsukwa, amene anagayitsa chake tsiku lomwe anagayitsa changa. Maginito anatuluka mu ufa wake ali bii, kuposa wanga. Ufa umenewo ndi umene ankadyetsa ana ake.

Namsukwa anandifunsa kuti, "Mlamu, n'chifukwa chake simumandiyankha moni?" Ndinagwada pakhomo pake n'kuulula zonse. Iye anati, "Amene munaika m'manda ndi mlongo wanga. Inenso ndikulira."

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa mondiyalutsa ine ndemwe, tsiku limodzi ndisanapasule banja. Inu amene muli pachisoni, limbani, ndipo musafulumire kutchula dzina la munthu. Loweruka lija akuluakulu anatipeza awiri pamphasa, tikuyendetsa maginito mu ufa wathu.