Pulasitiki Sachotsa M'nyumba Muno

Wojambula mavidiyo a maukwati wina anzake anam'patsa dzina loti Chatsopano, chifukwa kwake limoti, sofa ndi wotchi yapakhoma zikadali m'mapulasitiki omwe zinabwera nawo kusitolo. Tsiku limenelo amayi a mkwatibwi, omwe iye anali atawanamiza kale kawiri, anati abwera 3 koloko kudzatenga vidiyo, ndipo akaipeza isanathe, ukwati wa mwana wawo wachiwiri ajambula wina. Pofuna kuti ntchito ithamange, mkuluyu anakweza liwiro la purosesa, ubongo wa kompyuta yake, kupyola pomwe opanga anaika. Kompyuta inathamangadi, koma ikafika pa 90 peresenti ya vidiyoyo inkatentha n'kuzima.

"Amayi! Yazimanso!"

Mkazi wake analowa akupukuta m'manja. Ndiye anamanga tizitsulo tiwiri toziziritsa pa mazabodi, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, m'mawa, poti zala za bamboyo n'zonenepa, sizilowa m'makona.

"Tizitsulo tonga zipeso tija munatimanga monga ndinakuuzirani?"

"Ndendende."

"Pamwamba pa tizipangizo takuda ta m'mbali mwa purosesa?"

"Pomwe munaloza pomwepo."

"Masikuluwu?"

"Onse anayi."

"Basi, vuto si pamenepo. Bweretsani fani yakuchipinda."

Mayi anabwera nayo n'kuiimika pakhomo.

"Nanga osaiyatsa?"

"Munati ndibweretse."

"Yatsani, iloze kuno! Aaa, anthu inu!"

"Abambo, bwanji osangoibwezera liwiro lake lakale?"

"Lakale imaliza 6 koloko. Mukufuna mayi aja akandiyale kumpingo konse? Tengani katoniyo, kupizani."

Mayi anatola katoni n'kuyamba kukupiza mwamuna wake kumaso.

"Osati ine!"

"Ndinu mukutuluka thukuta. Iyo ili gwaa."

"Kupizani kompyuta!"

Anakupiza. Manambala anakwera, 88, 89, ndipo Chatsopano anaimirira atagwira m'chiuno ngati wagoletsa chigoli. Pa 90, sikirini inada bii. Wotchi ya m'pulasitiki ija inali itadutsa 2 koloko, ndipo apa mantha anam'gwiradi.

Anapisa dzanja m'kati n'kukhudza kachitsulo. "Kozizira ngati mphuno ya galu." Anasuntha chala pang'ono, pa mazabodi penipeni. "Mayo! Moto!"

"Ndikatenge madzi?"

"Musayerekeze! Kachitsulo kozizira, pansi pake ng'anjo. Ndiye kuti kutentha sikukukwera. Patseni sikuludiraiva."

Anamasula movutikira, akuluma lilime. Atatembenuza kachitsuloko anapeza kapulasitiki kabuluu katamatirira bwinobwino, kopanda ngakhale khwinya.

"Ichi n'chiyani?"

"Pulasitiki."

"Maso ndili nawo! Pepala la m'bokosi silinanene kuti achotsedwe?"

"Linanena. Ndi zilembo zofiira."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinakufunsani kuti, 'Abambo, nanga pulasitikiyu?' Inu osacheuka n'komwe munati, 'M'nyumba muno pulasitiki sachotsa.'"

"Simunanene kuti ndi wa pa kachitsulo!"

"Ndinati pepala likuti tichotse. Munati mutu wa banja ndinu, osati pepala."

Chatsopano anaweramira kachitsuloko. Anakayang'ana kapulasitikiko nthawi yaitali, chikhadabo chili m'mphepete, mtima ukukana.

"Ndikachotsa, sikakhalanso katsopano."

"Musachotse. Mayi aja mukawapatse kachitsuloko akaonere kwawo."

Anamatula atatsinzina, ngati akuchotsa bandeji pa chilonda chake. Anamatulanso kachiwiri, n'kupinda timapulasitikito bwinobwino, n'kuika m'thumba la malaya. Mayi anamanganso masikuluwu. Vidiyo inadutsa 90 osatsokomola, ndipo inatha belu lapageti litangolira.

Kasitomala atapita ndi katundu wake, mkuluyu anadziponya pa sofa, pulasitiki n'kulira kwee, malaya n'kumatirira kumsana.

"Makina a masiku ano ngofooka," anatero akudzikupiza ndi katoni ija. "Kapulasitiki kochepa ngati chikhadabo, mpaka kukomoka?"

Mayi anamatula ntchafu yake pa sofa, kunamveka thaa.

"Iyo yakomoka tsiku limodzi mwaichotsera. Ife sofayi yatiwotcha zaka zisanu ndi ziwiri. Tandiuzani abambo, tidzazima pa peresenti ingati?"